Ndege yoima chammbali: mmene zithunzi za ndege za nkhondo zimajambulidwira pa kompyuta

Chaka chilichonse mu Ogasiti, pa tsiku la asilikali a dziko lino la Zimbabwe, ndege zimadutsa mwamkokomo pamwamba pa Harare. Ku Mbare, ku Mufakose ndi ku Highfield ana amathamangira panja, amayi amaimitsa kaye zochapa, aliyense maso kumwamba. Pofika madzulo m'magulu a WhatsApp mumayamba kuyenda chithunzi cha ndege yosalala bwino, yoima chammbali pa pepala loyera, yopanda mtambo kumbuyo kapena bwalo pansi pake. Mkangano umayambira pomwepo. Wina akuti ndi ndege ya mtundu wa Hawk, wina akuti ndi ya mtundu wa K-8. Wina akuti ndi chithunzi cha kamera, mnzake akuti ndi chabodza chopangidwa ndi kompyuta.

Chithunzi choterocho sichinatuluke mu kamera, komanso si bodza. Ndi ntchito ya mmisiri amene anakhala pansi masiku angapo akuyeza, kufananiza ndi kupaka utoto pa kompyuta. Amisiri ake amachitcha profile. Kuti munthu adziwe pamene angachikhulupirire ndi pamene ayenera kuchikayikira, ayenera kudziwa mmene chimapangidwira.

Profile n'chiyani?

Diso la munthu ndi kamera zimaona chinthu chapafupi chachikulu, chapatali chaching'ono. Profile imakana lamulo limeneli. Imaonetsa ndege ngati kuti woonayo waima moyang'anizana ndi chigawo chilichonse nthawi imodzi, kuyambira kumphuno mpaka kumchira, moti mita imodzi ya kumphuno imafanana ndendende ndi mita imodzi ya kumchira. Zili ngati pepala limene telala amadulirapo diresi. Pepala lija silioneka ngati munthu wovala, koma ukaliyeza ndi tepi limakuuza zoona.

Kajambulidwe kameneka n'kakale kuposa ndege. Katswiri wa masamu wa ku France, Gaspard Monge, anakaika m'dongosolo kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo opanga makina akhala akukagwiritsa ntchito kuyambira pamenepo. Ndege zitalowa m'nkhondo, nkhaniyi inasanduka ya moyo ndi imfa, chifukwa msilikali wa pansi ankayenera kuzindikira m'kuphethira kwa diso ngati ndege ikubwerayo ndi yawo kapena ya adani. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anasindikiza timakhadi ta zithunzi zakuda bii zoonetsa ndege chammbali, chakumwamba ndi chakutsogolo. Mu 1942 asilikali a pamadzi a ku America anapempha ana asukulu kuti aseme tindege tamitengo 500,000 tophunzitsira asilikali. Zithunzi zamitundu zimene tikuziona lero zinafala pambuyo pake, makamaka kuyambira mu 1965 pamene kampani ya ku Britain ya Profile Publications inayamba kutulutsa timabuku ta ndege imodzi imodzi. Nthawi imeneyo ankajambula ndi burashi komanso kachipangizo kopopera utoto ndi mpweya.

Mwa chizolowezi mphuno imayang'ana kumanzere kwa pepala, kutanthauza kuti tikuona mbali ya kumanzere ya ndege, imene oyendetsa ambiri amakwerera. Koma mbali imodzi siuza zonse. Hawk ili ndi mapiko opendekera kumbuyo, pamene a K-8 ndi owongoka, ndipo kusiyana kumeneku kumaoneka msanga munthu akayang'ana ndege ili pamwamba pake. Chammbali, phiko limangooneka ngati kampeni kopyapyala. N'chifukwa chake ntchito yabwino imawonjezera chithunzi cha kumwamba, nthawi zina ndi cha kumimba.

Sikelo

Sikelo ndi mgwirizano wa pakati pa pepala ndi chitsulo chenicheni. Pa 1:72, sentimita imodzi ya papepala ikuimira masentimita 72 a ndege. Nambala yachilendoyi inachokera ku miyeso ya Angelezi, pomwe inchi imodzi imaimira mafiti 6, pafupifupi msinkhu wa munthu wamtali. Inzake yotchuka ndi 1:48.

Titenge Hawker Hunter, ndege imene inagwira ntchito m'dziko muno kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. M'litali ndi mamita 13.98, ndipo kuchokera kunsonga ya phiko lina kufika kunsonga ya linzake ndi mamita 10.26. Pa 1:72 imatalika masentimita 19.4, ndipo imakwana pa pepala la A4. Pa 1:48 imatalika masentimita 29.1, choncho imafuna A3, chifukwa pa A4 mphuno ndi mchira zingagunde m'mphepete. Osindikiza amafuna madontho 300 pa inchi iliyonse. Pepala la A3 pa muyezo umenewu ndi mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 4,961 m'litali ndi 3,508 m'lifupi, ndipo Hunter ya 1:48 imatenga mapikiselo pafupifupi 3,440, ndiye kuti 246 pa mita iliyonse. Nambala ya 246 ija ilembedwe penapake pooneka, chifukwa tayala, thanki ndi chilembo chilichonse zidzayezedwa nayo.

Apa pali msampha umene wagwetsa ambiri. Mabuku awiri akhoza kupereka utali wosiyana wa ndege imodzi, onse osanama. Lina lawerengera kachitsulo kosongoka ka kumphuno koyezera liwiro la mphepo, lina silinawerengere. Wojambula akasakaniza manambala awiriwa, ndege yonse imatuluka yonenepa kapena yowonda, ndipo cholakwikacho sichikonzeka ndi utoto.

Umboni umachokera kuti?

Profile yabwino sionetsa "Hunter" chabe. Imaonetsa Hunter inayake, ya nambala yakutiyakuti, mmene inkaonekera m'chaka chakutichakuti, pa bwalo lakutilakuti. Ndege ya asilikali imasintha ngati nyumba yokhalamo anthu. Chaka chino aipaka utoto wina, chaka chamawa aiwonjezera mlongoti wa wailesi, kenako asintha chitseko chotengedwa ku ndege ina. Choncho ntchito yaikulu imachitika wojambula asanalembe mzere ngakhale umodzi.

Umboni woyamba ndi mapulani a sikelo. Abwino kwambiri ndi ochokera kwa opanga ndegeyo kapena kwa munthu amene anaiyeza yekha ndi tepi. Ambiri amene ali pa intaneti anakoperedwa kwa ena amenenso anakopera kwa ena, ndipo cholakwika chimodzi chimatha kuyenda zaka makumi angapo ngati mphekesera ya m'mudzi. Pulani iliyonse iyesedwe ndi zithunzi za kamera.

Nazonso zithunzi za kamera zili ndi chinyengo chake. Munthu akaima mamita 10 kuchokera pakati pa Hunter, nsonga ya phiko la mbali yake imakhala pa mamita 5 okha kuchokera pa iye, motero imaoneka yaikulu kuwirikiza kawiri kuposa mmene iyenera kukhalira poyerekeza ndi thupi. Akaima mamita 100 n'kukoka chithunzi ndi lenzi yaitali, kusiyanako kumatsika kufika pa magawo asanu okha pa 100. N'chifukwa chake chithunzi cha pa foni chojambulidwa pafupi chimathandiza kuona zilembo ndi misomali yolumikiza malata, koma si chokopera maonekedwe a thupi. Pali njira yodziwira ngati wojambula anaimadi pambali penipeni. Matayala awiri aakulu, la kumanzere ndi la kumanja, ayenera kubisana. Akaoneka motalikirana, ndiye kuti kamera inapendekera kutsogolo kapena kumbuyo.

Kwa amene ali mu Harare, zithunzi ndi zikalata zakale zimasungidwa ku National Archives of Zimbabwe, pa msewu wa Borrowdale. Ndege zenizeni zopuma pa ntchito, monga Spitfire ndi Vampire, zili ku nyumba yosungirako zakale za asilikali ku Gweru, ulendo wa makilomita pafupifupi 275. Ndege ya kumalo oterowo ndi mboni yabwino pa maonekedwe a thupi, koma pa utoto ifunsidwe mosamala, chifukwa zambiri zinapakidwanso zitasiya kale ntchito.

Chenjezo limodzi lisaphonyedwe. Bwalo la asilikali la Manyame, limene lili pafupi ndi bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe, ndi la Josiah Tungamirai ku Gweru, limene kale linkatchedwa Thornhill, ndi malo otetezedwa. Malamulo monga Official Secrets Act ndi Protected Places and Areas Act si ocheza nawo. Kuima kumpanda ndi kamera kungamuike munthu m'manja mwa apolisi, ngakhale cholinga chake chili chojambula basi. Wojambula wanzeru amadalira zithunzi zofalitsidwa kale, zionetsero zimene anthu aitanidwa, ndi chilolezo chopemphedwa poyera.

Waya ndi mikanda

Kompyuta imasunga chithunzi m'njira ziwiri. Yoyamba ndi vector. Taganizirani galimoto ya mawaya imene anyamata amapinda m'makwalala a ku Epworth. Chimene chimapanga galimotoyo ndi mapindidwe a waya, ndipo amene wadziwa mapindidwewo akhoza kupanga ina yaikulu kuwirikiza kakhumi osataya maonekedwe. Vector imasunga malangizo a mapindidwe, choncho chithunzi chimakula mpaka kukwana khoma mizere ili yakuthwabe. Masamu ake anakhwimira m'mafakitale a galimoto ku France, kwa Paul de Casteljau wa ku Citroën ndi Pierre Bézier wa ku Renault, cha m'ma 1960, ndipo mizere yokhotayo mpaka lero imatchedwa ndi dzina la Bézier.

Yachiwiri ndi raster, imene ili ngati nsalu yolukidwa ndi mikanda. Mkanda uliwonse uli ndi mtundu wake ndi malo ake. Patali umaona duwa, koma ukayandikira umangoona mikanda. Raster ndi imene imatha kuonetsa mwaye, fumbi ndi kusuluka kwa utoto, koma ukaikulitsa kupitirira muyezo wake imasweka n'kukhala timabokosi.

Mapulogalamu a vector ndi monga Adobe Illustrator, imene inatuluka mu 1987, CorelDRAW ya mu 1989, imene olemba zikwangwani ambiri m'tauni muno amaidziwa, ndi Inkscape yaulere. A raster ndi Photoshop ya mu 1990, komanso GIMP ndi Krita zaulere. Amisiri ambiri amaphatikiza, mafupa ku vector, mnofu ku raster. Munthu wopanda ndalama zolipirira pulogalamu mwezi ndi mwezi akhoza kumaliza ntchito yonse ndi Inkscape ndi Krita. Mizere imajambulika bwino ndi mausi wamba, ndipo tabuleti ya cholembera imayamba kufunika pofika pa litsiro ndi mithunzi.

Ntchito imayamba ndi mzere umodzi wowongoka wodutsa m'thupi la ndege kuchokera kumphuno kufika kumchira. Pulani ndi zithunzi zonse zimatembenuzidwa mpaka zigone pa mzere umenewu. Kenako pamaikidwa mizere yoimirira pa malo odziwika: nsonga ya mphuno, poyambira galasi la woyendetsa, polowera mpweya wa injini, pakati pa tayala, mapeto a mchira. Ndiye kujambula mzere wa kunja. Ongoyamba kumene amaika timfundo tambirimbiri potsatira msana wa ndege, ndipo msanawo umatuluka wa mabampu ngati msewu wokumbika. Mzere wosalala umafuna timfundo tochepa, toikidwa pamene kukhota kukusintha basi. Msana wonse wa Hunter sufuna timfundo topitirira khumi.

Makulidwe a mizere ayesedwe pa saizi yosindikizira. Mzere wa kunja ukhoza kukhala wa 0.5 pt (pt ndi muyezo wa makulidwe a mzere m'mapulogalamu), ya pakati pa malata 0.2 pt kapena kucheperapo. Ndipo isakhale yakuda bii, koma ya mtundu wa utoto womwewo wodetsedwa pang'ono, chifukwa pa ndege yeniyeni mpata wa pakati pa malata ndi waung'ono kwambiri.

Zonsezi zimakhala m'maleya, amene ali ngati mapepala apulasitiki oonekera osanjikizana. Pansi penipeni pamakhala utoto, pamwamba pake zizindikiro ndi zilembo, kenako mizere ya malata, litsiro, mithunzi, kuwala, ndipo galasi pamwamba pa zonse. Matanki a mafuta, mabomba ndi matayala zimakhala m'magulu awoawo kuti zizitha kuchotsedwa. Phindu lake limaoneka pa ndege yachiwiri, chifukwa mmisiri amangosintha leya ya utoto ndi ya zizindikiro, zina zonse zili m'malo. Leya iliyonse ipatsidwe dzina, popeza fayilo imodzi imatha kukhala ndi maleya oposa zana. Ndipo kuno kumene magetsi amathima osatsanzika, fayilo isungidwe pafupipafupi m'mayina otsatizana, kope lina pa fulashi.

Utoto: pamene mikangano imakulira

Magulu a asilikali sagula utoto mwa kungoloza. Ali ndi mabuku a manambala. A ku Britain ali ndi BS 381C, mmene Dark Earth ndi nambala 450 ndipo Dark Green ndi 241. A ku America ali ndi FS 595, a ku Germany RAL. Ndege zambiri za nkhondo za dziko lino m'zaka za m'ma 1970 zinkavala mawanga a bulauni ngati dothi ndi obiriwira moderako, kuti zibisale pa tchire la kuno.

Koma nambala imangonena za utoto uli m'chitini. Harare ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 kuposa nyanja yamchere, dzuwa lake ndi laukali, ndipo ndege yokhala panja imasuluka msana ndi pamwamba pa mapiko kumimba kukadali kwatsopano. Aliyense amene anayanikapo chitenje pa chingwe chomwecho kwa miyezi amadziwa zimenezi. Theka la chitenjecho limasanduka lina, ngakhale chinagulidwa chili chimodzi. Wojambula ayenera kusankha: ndege ya tsiku lotuluka mopakira utoto, kapena ya patapita zaka zitatu?

Zithunzi zakale zopanda mitundu zimawonjezera vuto. Filimu ina yakale, yotchedwa orthochromatic, inkadetsa zofiira ndi zachikasu, n'kuyeretsa za buluu. Mphete yachikasu yozungulira chizindikiro imatha kuoneka yakuda pa chithunzi choterocho, ndipo wojambula wosadziwa amaipakadi yakuda. Filimu ya panchromatic, imene inafala pambuyo pake, imaonetsa mitundu moyandikira mmene diso limaionera. Njira yodzitetezera ndi kufunafuna pa chithunzi chomwecho chinthu chimene mtundu wake ukudziwika, monga mbendera, n'kuyeza zina zonse ndi chimenecho. Zithunzi zamitundu nazonso zimakalamba, zina zimafiira, zina zimapita ku buluu. Kutola mtundu ndi kachida ka pulogalamu pa chithunzi chakale n'kutola ukalamba wa pepala, osati utoto wa ndege.

Malire a mawanga nawo ndi umboni. Ngati opaka anaphimba mbali ina, malire amakhala akuthwa. Ngati anangopopera ndi dzanja, amakhala ofewa. Pa 1:48 kufewa kwa masentimita asanu ndi mapikiselo khumi ndi awiri okha, choncho burashi yofewa kwambiri imanamiza.

Zizindikiro

Chizindikiro chozungulira cha pa ndege za asilikali, chimene amati roundel, chinayamba ku France mu 1912. Angelezi anayamba ndi kujambula mbendera yawo, koma patali mtanda wa mbenderayo unkafanana ndi mtanda wa Ajeremani, ndipo asilikali awo omwe ankaziwombera. Kumapeto kwa 1914 anatengera mphete za Afalansa, n'kutembenuza mitundu: buluu kunja, kufiira pakati. Mphetezi zili ndi miyeso yake. Mu mtundu umene unayamba mu 1947, kufiira, kuyera ndi buluu zili pa 1:2:3 m'mimba mwake, pamene mtundu wina wakale unali pa 1:3:5. Kulakwitsa apa kuli ngati kuveka msilikali yunifomu ya m'badwo wina.

Kwa ife amene makolo athu anachokera ku Nyasaland, Malawi ya lero, mbiri ya chizindikiro cha dziko lino imatikhudza pafupi. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, ndege za Royal Rhodesian Air Force zinkanyamula mphete za Angelezi zokhala ndi nthungo zitatu pakati, kuimira maiko atatu a m'chitaganyacho. Imodzi mwa nthungo zimenezo inkaimira kwathu. Mu Marichi 1959, boma la atsamunda litalengeza State of Emergency, ndege za chizindikiro chimenechi zinatumizidwa ku Nyasaland, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda atamangidwa pa 3 Marichi anamukweza ndege kubwera naye ku Southern Rhodesia, kumene anatsekeredwa m'ndende ya Gwelo, Gweru ya lero. Chitaganya chitatha panatsala nthungo imodzi. Mu 1970 panabwera mphete yobiriwira ndi yoyera, yokhala ndi mkango wogwira nyanga ya njovu. Nkhondo ya ufulu itakula, ndege zambiri zinkauluka popanda chizindikiro cha dziko. Ufulu utabwera mu 1980, panayamba kuoneka mbalame ya Zimbabwe ndi mitundu ya mbendera yatsopano.

Choncho chizindikiro ndi kalendala. Hunter zoyamba khumi ndi ziwiri zinafika chitaganya chili kumapeto, ndipo mtunduwu unadutsa m'nyengo zonse zotsatira. Hawk zinayamba kufika mu 1982, ndipo K-8, yopangidwa ku China mogwirizana ndi Pakistan, inafika mu 2005. Munthu akaona Hawk yovala mkango ndi nyanga ya njovu, adziwe kuti ndi maloto a wojambula. Ojambula ena amachitadi zimenezi mwadala, kuyerekeza zimene zikanachitika, ndipo palibe cholakwika malinga alembe poyera kuti n'zongoyerekeza.

Pojambula, chizindikiro cha pa thupi chisakhale chozungulira ndendende. Thupi la ndege ndi lobulungira ngati mgolo, choncho mbali ya kumwamba ndi ya kumunsi ya chizindikiro imapinda n'kuoneka yofinyika. Cholakwika china chofala ndi kutembenuza chithunzi cha kumanzere kuti chikhale cha kumanja. Zilembo zimawerengeka chobwerera, mawanga a mbali ziwiri safanana, ndipo zida zina zili mbali imodzi yokha. Helikopita ya Alouette III imene ankaitcha K-Car inali ndi mfuti ya 20 mm yoloza kumanzere basi.

Kuwala, mthunzi ndi litsiro

Mpaka apa ndege ikuoneka ngati yodulidwa pa katoni. Chimene chimaipatsa thupi ndi kuwala. Mmisiri amasankha dzuwa limodzi, kawirikawiri kumwamba chakutsogolo, ndipo salisuntha mpaka ntchito ithe. Pa thupi lobulungira, kuwala kwambiri kumagwera pang'ono kunsi kwa msana, mdima umakula potsikira kumimba, koma m'mphepete penipeni mwa mimba mumabweranso kuwala pang'ono kochokera pansi. Amene amaiwala kachingwe kowala kameneka ndege yake imaoneka yophwatalala. Mithunzi imapakidwa pa leya yodetsa ya Multiply, kuwala pa yowalitsa ya Screen, ndipo zonse ziyambe mofooka, mwina pa 15 kapena 20 peresenti, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Phiko limaponya mthunzi pa thupi, thanki imalandira mthunzi wa phiko. Utoto wobisalira suwala, choncho kunyezimira kwa galimoto yatsopano sikufunika pamenepo.

Litsiro lili ndi adiresi. Pa Hunter, mwaye umayambira pa mabowo a mfuti zinayi za 30 mm kunsi kwa mphuno n'kutsetserekera kumbuyo motsatira mphepo. Mafuta amadontha pa zitseko za injini, utoto umakanduka pamene amakaniko amaponda ndi pamene makwerero amatsamira, fumbi lofiira limamatirira kumatayala. Litsiro lomwazidwa paliponse mofanana limaulula kuti wojambula sanayang'ane chithunzi.

Pa misomali pamafunika kudziletsa. Mutu wa msomali wa mamilimita asanu pa 1:48 ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, pafupifupi pikiselo imodzi. Ikajambulidwa yonse mooneka, ndege imasanduka thanki ya madzi. Ndipo ndege yoima pansi ili ndi kulemera: matayala amaphwatalala pang'ono, miyendo imafupika, mapiko atatu a pamwamba pa Alouette amawerama.

Kuchokera pa sikirini kupita pa pepala

Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, pulinta imapanga ndi inki, n'chifukwa chake pali njira ziwiri zosakanizira mitundu, RGB ya sikirini ndi CMYK ya pulinta. Zobiriwira ndi za bulauni ndizo zimasokonekera msanga, n'kutuluka zakuda kuposa mmene zinalili. Musanalipire A3 yonse kwa osindikiza a m'tauni, pemphani kaye kachidutswa koyesera pa pepala lomwelo, kokhala ndi mitundu yonse, mukakaone panja pa dzuwa. Fayilo ipite ngati PDF kapena TIFF. Pa WhatsApp itumizidwe ngati document, chifukwa ikapita ngati chithunzi wamba imafinyidwa ndipo mizere yopyapyala imasowa. Pansi pa ndege palembedwe mtundu wake, nambala, gulu, malo, chaka, ndi mawu onena mbali zimene wojambula anachita kuyerekeza.

Zimene sizinagwirizanidwebe

Kodi kuyerekeza kuyenera kulekezera pati? Nthawi zambiri pamapezeka chithunzi cha mbali imodzi yokha, kapena mchira wabisika kuseri kwa ndege ina. Amisiri ena amati chopanda umboni chisajambulidwe. Ena amati kuyerekeza kochokera pa ndege zinzake za gulu lomwelo n'kololedwa bola kulembedwe. Vuto n'lakuti chithunzi chikayamba kuyenda pa mafoni, mawu a m'munsi aja amadulidwa, ndipo patapita zaka wojambula wina amachitenga ngati umboni.

Pali funso la umwini. Maonekedwe a ndege si a wojambula, koma chithunzi cha kamera chili ndi mwini wake, ndipo lamulo la Copyright and Neighbouring Rights Act limateteza ntchito zotere. Kuyang'ana chithunzi pofuna kudziwa malo a mlongoti ndi kwina, kuchikopera mzere ndi mzere n'kugulitsa ndi kwinanso, koma malire a pakati pa ziwirizi amisiri sawaika pamodzi.

Mapulogalamu a AI, amene amajambula okha munthu akangowauza, awonjezera funso lina. Amatulutsa ndege yokongola m'masekondi, koma kawirikawiri amasakaniza mitundu, mphuno ya ndege ina pa mchira wa ina, zilembo zosawerengeka. Ena amaona kuti angathandize pa litsiro ndi mithunzi. Ena amaopa kuti adzadzaza intaneti ndi zithunzi zopanda gwero mpaka umboni weniweni usowe pakati pake. Kodi ntchito yothandizidwa ndi AI ilembedwe choncho, ndipo ndani angakakamize zimenezo?

Funso lolemera kwambiri kuno ndi la chikumbukiro. Hunter, Canberra ndi Vampire zimene zimaoneka zaudongo pa pepala loyera ndi mitundu yomweyo imene asilikali a Rhodesia anaponyera mabomba ku Chimoio, m'dziko la Mozambique, mu Novembala 1977, kumene kunafa anthu ambirimbiri, ndipo abale awo tikukhala nawo m'makomboni muno. Ena amati profile ndi kaundula chabe, ndipo mbiri yosajambulidwa molondola imasanduka nthano. Ena amati pepala loyera limachotsa anthu amene anali pansi, n'kusiya chitsulo chokongola chokha. Enanso amakumbutsa kuti ndege zomwezo zinadzatumikira Zimbabwe yodzilamulira, zikuwulutsidwa ndi ana a dziko lino. Kodi mawu a pansi pa chithunzi azinena nambala ndi chaka basi, kapena azinenanso kumene ndegeyo inapita ndi zimene inakachita? Nanga ndege imodzi yomwe inavala zizindikiro za maboma awiri ijambulidwe ndi chiti, pa khoma la sukulu kapena m'buku la ana?